V8, Prado, Range Rover kapena Fortuner: kugula mungathe, nanga kuweta?

Alamu anga anandipeza pakhonde Loweruka lina madzulo, chiperoni chikuwaza, phiri lonse la Mulanje litabisala m'nkhungu. Asanakhale n'komwe pampando anali atanditambasulira kale foni. Land Cruiser V8 yakuda, mipando yachikopa, matayala onyezimira ngati awadzoza mafuta ophikira.

"Alamu, inu munakalambira m'mabuku a galimoto ku esiteti. Tandiuzani zoona, imeneyi ndingaithe?"

Ndinawafunsa ngati akunena kuitha kugula kapena kuitha kuweta. Kugula angathe, bizinesi yawo pa Luchenza ikuyenda bwino ndipo sindikaika. Kuweta ndiye nkhani ina. Ndinakhala zaka zambiri mu ofesi ya zamtengatenga pa esiteti ina ya tiyi, ntchito yanga ili yolemba malita amene galimoto iliyonse yamwa ndi makilomita amene yayenda, ndipo ndinaonapo anthu olemera kuposa alamu akuimika galimoto yapamwamba pansi pa mtengo wa mango, nkumakwera minibasi mobisala. Zimene ndinawauza tsiku limenelo ndi zimene ndalemba pano.

Muziwerenga malita, osati makwacha

Anthu amakonda kufunsa kuti kudzaza thanki ndi ndalama zingati. Funso limeneli limapusitsa, chifukwa mtengo wa mafuta amaika ndi a MERA ndipo sukhala malo amodzi. Mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, petulo anafika pa K2,530 lita imodzi, dizilo pa K2,734. Mu Okutobala 2025 onse awiri anakwera kufika cha pa K3,500. Munthu amene anagula V8 akudalira mtengo woyamba uja anangodzuka m'mawa wina galimoto yake ikudya ndalama zochuluka, chonsecho injini ndi yomweyo. Chimene sichisintha ndi malita. Mukadziwa malita amene galimoto idzafune pachaka, mtengo wa tsikulo mudzangochulukitsa nokha.

Tiyeni titenge munthu ngati alamu. Kuchoka pa Chitakale kudzera msewu wa Midima mpaka mu Blantyre ndi pafupifupi makilomita 70, kupita ndi kubwera 140. Kawiri pa sabata, kuwonjezera maulendo a ku Muloza, maliro a kumudzi, ukwati wa ku Phalombe, ulendo umodzi kapena iwiri ya ku Lilongwe, chaka chikamatha mwayenda makilomita 20,000 osazindikira. Nambala imeneyi ndi imene ndigwiritse ntchito.

Za manambala amene kampani zopanga galimoto zimalengeza, musawakhulupirire kwathunthu. Si abodza, koma amayezera m'nyumba, galimoto ikuzungulitsa matayala pamakina, popanda chitunda, popanda mabampu, popanda msika wa pa Bvumbwe pamene umayenda ngati uli pa mdipiti wa maliro. Ife kuno tikamapita ku Limbe timakhala tikukwera, kuchoka pansi pa phiri kukafika pamalo okwera mamita oposa 1,000, ndipo mukadzera ku Thyolo zitunda ndi makona zimachuluka. Pa malo a malonda aliwonse muimitse matani awiri ndi theka chifukwa cha bampu kapena kabaza, kenaka muwanyamulenso. Kunyamukako ndi kumene kumamwa mafuta. Ine chizolowezi changa n'chakuti nambala ya papepala ndimaichotsera gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kawirikawiri ndimapeza kuti sindinaphonye kwambiri.

V8, ndi msampha wa ku Japan

Land Cruiser 200, imene aliyense amangoitchula kuti V8, inapangidwa kuyambira 2007 mpaka 2021. Chimene alamu sankadziwa, ndipo ambiri sadziwa, n'chakuti pa msika wa m'dziko la Japan galimoto imeneyi inkagulitsidwa ya petulo yokha, poyamba ya injini ya 4.7, kenaka kuyambira 2009 ya 4.6. Ndiye mukaona V8 yotsika mtengo pa masamba a intaneti a ogulitsa galimoto zakale a ku Japan, dziwani kuti ndi ya petulo. Ya dizilo ya 4.5 yokhala ndi ma turbo awiri, imene mumaiona ndi mabungwe ndi akuluakulu a boma, imabwera kudzera kwa ogulitsa galimoto zatsopano kapena kuchokera ku South Africa, UK ndi Australia. Chithunzi cha m'foni mwa alamu chinali cha 4.6 ya petulo.

Kusiyana kwake si kwamasewera. Ya petulo pa misewu yathu imayenda pafupifupi makilomita 6 pa lita. Pa makilomita 20,000 ndiye malita oposa 3,300. Ya dizilo papepala imati malita 9.5 pa makilomita 100, kutanthauza makilomita 10 ndi theka pa lita, koma pamsewu weniweni muyembekezere 8, mwina 9 ngati phazi lanu ndi lopepuka ndipo mukuyenda ulendo wautali. Pachaka ndi malita 2,500. Pa mtengo wa K3,500 wa mu Okutobala 2025 uja, ya petulo ikudyerani K11.6 miliyoni, ya dizilo K8.75 miliyoni, musanagule ngakhale lita imodzi ya oilo.

Pamwamba pa zonsezi pali Lexus LX570, imene kunsi kwake ndi Land Cruiser yomweyo koma itavala suti, injini yake 5.7 ya petulo, ndi Nissan Patrol ya V8 ya 5.6. Izi ndiye zidakwa zenizeni. Makilomita 5 kapena 6 pa lita, malita ngati 3,600 pachaka, ulendo umodzi wa ku Blantyre ndi kubwerera malita 25. Sindikuzinyoza. Ukakhala m'kati mwa LX570 pa msewu wa zigamba umachita kuiwala kuti pansi pali msewu. Koma wakwatira kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo amene akufunsa mnzake pakhonde ngati angaithe ndiye kuti akuopa kale.

Kodi V8 ya dizilo imakupatsani chiyani posinthana ndi malita 2,500 aja? Mphamvu yokokera ya 650 Nm, yoti mutha kumangirira ngolo ya matani atatu ndi theka n'kukwera chitunda cha pa Thyolo osamva injini ikudandaula. Thupi lolimba loti limapirira misewu ya m'minda ya tiyi kwa zaka zambiri. Komanso, ndipo ichi n'chachikulu, sigwa mtengo msanga. Tsiku limene mwatopa nayo, wogula amapezeka. Ngati ntchito yanu ndi yokoka katundu wolemera ndi kuyenda maulendo ataliatali mutadzaza anthu, ndalama zimenezi zili ndi pogwira. Ngati ndi yongopita ku banki ku Limbe muli nokha, mukulipira mphamvu imene simudzaigwiritsa ntchito.

Land Cruiser 300 imene inatuluka mu 2021 inasiya V8 n'kutenga V6 ya dizilo ya 3.3, magiya 10, thupi lopepukirapo ndi makilogalamu ngati 200. Papepala imamwa malita 8.9 pa makilomita 100. Imamwadi pang'ono kuposa mkulu wake, koma mtengo wogulira ndi woti zimene mwapulumutsa pa pampu simudzaziona, choncho sitinachedwepo.

Prado: dzina limodzi, nyama zitatu

Apa ndi pamene tinakhalitsa, mpaka tiyi anazizira m'makapu.

Prado yambiri imene mumaiona pa Mulanje boma kapena pa Thyolo ndi TX yochokera ku Japan ya injini ya 2.7 ya petulo. Anthu amaigula poganiza kuti injini yaing'ono ndiye kuti mafuta ochepa. Ayi ndithu. Injini imeneyi ndi yomwe ija imapezeka mu Hiace ndi Hilux za petulo, mphamvu yake yokokera ndi 246 Nm basi, ndipo aipatsa thupi lolemera matani oposa awiri, matayala onse anayi akukoka nthawi zonse. Zotuluka chisanafike chaka cha 2015 zili ndi magiya anayi okha. Kuchoka pa Luchenza kukwera ku Thyolo mumaimva ikulira, giya ikutsika, ikukwera, ikutsikanso, phazi lili pansi. Zotsatira zake ndi makilomita 7 kapena 8 pa lita, malita pafupifupi 2,700 pachaka. Inde, mwawerenga bwino: kagalimoto ka 2.7 kangathe kumwa malita ochuluka kuposa V8 ya dizilo.

Komabe sindinaitaye kutchire, ndipo apa ndimasiyana maganizo ndi anzanga ambiri. Injini ya 2.7 ilibe turbo, ilibe mainjekita okwera mtengo ngati a dizilo wamakono, ilibe zida zosefera utsi zovuta. Makaniko aliyense wodziwa minibasi amaidziwa, masipeyala ake ali mbwee ku Limbe. Imamwa, koma sidwala. Yerekezani ndi Prado ya dizilo imene imayenda makilomita 10 pa lita, malita 2,000 pachaka. Kusiyana ndi malita ngati 670, ndalama zoposa K2 miliyoni pachaka, ndipo kwa woyenda makilomita 20,000 dizilo wapambana mosakaikitsa. Koma tengani mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito kapena abusa amene amayenda makilomita 8,000 okha pachaka. Kusiyana kuja kumatsika kufika malita osakwana 300. Mainjekita anayi a dizilo akangofa kamodzi, phindu la zaka zingapo lapita tsiku limodzi. Kwa munthu wotere, 2.7 ndi galimoto yanzeru, angopirira kulira kwake pa chitunda.

Prado za dizilo zili mitundu iwiri. Yakale ndi 3.0 D-4D, imene inkabweranso mu Hilux ndi Fortuner zakale. Ndi injini yolimba, koma ili ndi lamba wa timing woyenera kusinthidwa pa makilomita 150,000, ndipo imafuna kuti mainjekita ndi mawashala ake aziyang'aniridwa. Akayamba kutayitsa, mwaye umalowa mu oilo, oilo amaundana, sefa ya pansi pa injini imatsekeka, ndipo mapeto ake ndi injini yonse. Mukamagula, funsani kuti mainjekita anayezedwa liti, ndipo wogulitsa akayamba kuyang'ana kumwamba dziwani kuti ndalama imeneyo mudzalipira ndinu.

Yatsopano ndi 2.8, imene inayamba mu 2015. Ili ndi tcheni m'malo mwa lamba, mphamvu yokokera 450 Nm, ndipo kuyambira 2020 inafika 500. Ndi imene ine ndimaikonda pa zonse. Vuto lake lili ku ekizozi. Zambiri zili ndi chosefera mwaye chotchedwa DPF, ndipo za ku Japan zimafunanso madzi apadera a AdBlue. DPF imadziyeretsa yokha powotcha mwaye, koma imafuna injini itenthe bwino ndi kuthamanga kwa nthawi ndithu. Munthu amene ulendo wake ndi wochoka pa Chitakale kupita pa boma, kuzimitsa, kubwerera, kuzimitsanso, amaitseka pang'onopang'ono mpaka nyale iyake ndi galimoto iyambe kukana kuthamanga. Kwa alamu, amene sabata siitha asanapite ku Limbe, msewu wa Midima womwewo ndi mankhwala okwanira. Ena amangoichotsa DPF n'kusintha za mu kompyuta ya galimoto. Ine sindilimbikitsa. Utsi umene unkagwidwa uja umapita m'mphuno mwa ana oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo woseweretsa kompyuta akakhala wongophunzira, amakusiyirani matenda ena.

Range Rover ndi anzake a ku Ulaya

Alamu anatsegula chithunzi china. Range Rover Sport yochokera ku UK, mtengo wake wotsika kuposa Prado ya chaka chomwecho. "Nanga iyi bwanji? Akuti siimwanso mafuta."

Pa mafuta akunena zoona. V6 ya dizilo ya 3.0 yokhala ndi magiya 8 imayenda makilomita 9 kapena 10 pa lita pa tara, bwino kuposa V8, ndipo kukoma kwake poyendetsa Prado siifikako. BMW X5 ndi Mercedes za dizilo ndi chimodzimodzi. Mukangoyang'ana pa pampu pokha, izi zaiposa V8.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choyamba, nambala ya pa dashibodi ili m'mamailosi. Mukaona 120,000, ndiye kuti yayenda makilomita 193,000. Chachiwiri, misewu ya ku UK amaithira mchere nthawi yozizira, ndiye musagule musanagone pansi n'kuyang'ana dzimbiri kunsi. Chachitatu ndi chimene chimaimitsa zambiri: Range Rover siikhala pa masipuling'i achitsulo, imakhala pa matumba a mpweya opopedwa ndi kompuresa, ndi tizida toyeza msinkhu pa tayala lililonse. Zili bwino, galimoto imayandama. Thumba limodzi likabooka, kompuresa imagwira ntchito osapuma mpaka kupsa, ndipo m'mawa mumapeza galimoto yagwada ngati ng'ombe yodwala. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a dzinja a kuno sizigwirizana ndi tizida timeneti.

Ndiye pali nkhani ya kumene mungaikonzetse. Nyale ikayaka, pafunika makina oyezera odziwa galimoto imeneyi, ndipo zimenezi ndi za ku Blantyre. Chitsulo chikasowa, chichokere ku Johannesburg kapena ku UK, pa ndalama zakunja zimene mabanki athu sapereka mwachangu. Galimoto imatha mwezi ili pa majeke podikira kachitsulo kolowa m'thumba la malaya. Masiku amene galimoto yaima nawonso ndi ndalama, chifukwa inu simuima, mumabwereka ina. Kwa munthu wokhala mu Blantyre, wokhala ndi galimoto ina pakhomo ndi m'bale ku Joni womutumizira masipeyala pa basi, ndilibe naye mawu. Kwa wa pa Luchenza wodalira galimoto imodzi, ndinawauza alamu kuti atseke chithunzicho.

Fortuner

Ena anena kuti iyi siili m'gulu la zapamwamba, ndipo n'zoona. Ndi Hilux yovala denga, yopangidwa ku Durban, imadumpha pa mabampu ndipo mipando yakumbuyo kwenikweni ndi ya ana. Ndaiikamo chifukwa pa ndalama palibe yoiposa. Ya 2.8 imayenda makilomita 11, ya 2.4 kupitirirapo pang'ono, mwa zina chifukwa pa tara imakoka ndi matayala akumbuyo okha mpaka mutailowetsa nokha mu 4x4. Malita ngati 1,800 pachaka, theka la zimene LX570 ikufuna. Ndipo chifukwa Hilux zili paliponse m'maesiteti a Thyolo ndi Mulanje, makaniko ndi masipeyala si nkhani. Ford Everest, Isuzu mu-X ndi Pajero Sport zili m'khola lomweli.

Alamu anangoti, "Imeneyo ndi ya mamanijala." Ndinamva chimene akutanthauza, ndipo sindinawaseke. Munthu akamafika pa mwambo wa Mulhako pa Chonde kapena pa maliro a kwa mfumu, galimoto imalankhula iye asanatsike, ndipo mu bizinesi zimenezo zimatsegula zitseko zina. Bola adziwe kuti ulemu umenewo akuugula ndi malita angati.

Zodya zina zimene sizionekera pa pampu

Oilo. V8 ya dizilo imalowa malita oposa 9, injini ya 2.8 pafupifupi 7 ndi theka, ya 2.7 osakwana 6. Amene amayenda kwambiri m'fumbi ndimawauza kuti asinthe pa makilomita 5,000 alionse, ndiye kuti kanayi pachaka. Galimoto za DPF zimafuna oilo wakewake wosasiya phulusa lambiri, osati wa m'madiramu wothira m'malole.

Matayala ndi pamene anthu amadzidzimuka. Prado ndi Fortuner zambiri zimavala 265/65R17, saizi yomweyo ya Hilux, yopezeka mosavuta. V8 imavala 285/60R18 kapena 285/65R17, okwererapo mtengo. LX570 ndi Range Rover zimabwera ndi marimu a mainchesi 20 kupita m'mwamba, tayala lake lopyapyala m'mbali. Limakongola pa ukwati, koma dzenje limodzi lobisika m'madzi a mvula pakati pa Nkando ndi Thuchila limang'amba tayala ndi kupinda rimu nthawi imodzi, ndipo saizi imeneyo simuipeza pa Chitakale. Kumbukiraninso kuti galimoto yokoka ndi matayala onse anayi nthawi zonse siifuna tayala limodzi latsopano pakati pa atatu akutha. Mukamagula, mumagula awiri kapena onse anayi.

Mabuleki amatha molingana ndi kulemera. Kutsetsereka kuchoka ku Thyolo ndi matani pafupifupi atatu phazi lili pa buleki njira yonse ndi kuwotcha ndalama. Tsitsani giya, injini ikugwirireni.

Inshuwalansi yokwanira amawerengera pa mtengo wa galimoto, choncho galimoto ikakwera mtengo kawiri, inunso mulipira pafupifupi kawiri chaka ndi chaka, kaya yayenda kaya yagona m'galaja. Ndipo ngati mukuitanitsa kunja, msonkho wa MRA umatsata kukula kwa injini ndi zaka za galimoto. Taonani manambala: 2.7 ndi 2,694cc, 2.8 ndi 2,755cc, 3.0 D-4D ndi 2,982cc, zonse pansi pa 3,000. V8 ya dizilo ndi 4,461cc, LX570 ndi 5,663cc. Musatumize ndalama ku Japan musanafunse a MRA kapena wokuombolerani katundu kuti pa chipata mudzasiya zingati. Galimoto zimene zimagona miyezi pa Songwe kapena pa Mwanza, eni ake ambiri anawerengera mtengo wa pa intaneti wokha.

Mafuta akasowa

Zonse ndanenazi ndi za nthawi imene mafuta alipo. Tonse tikukumbukira mizere ya kumapeto kwa 2024, anthu akugona m'galimoto kudikira thankala. Mafuta athu amachokera kutali, ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo ndalama zakunja zikavuta, ife a kumaboma timalandira zotsala za m'tauni.

Nthawi zotere thanki yaikulu imaoneka ngati chuma. V8 yokhala ndi thanki yachiwiri imanyamula malita 138, pa dizilo ndi makilomita 1,100. Prado ya ku South Africa yokhala ndi mathanki awiri imanyamula 150, ndipo ndi imene imafika kutali kuposa zonse, pafupifupi makilomita 1,500. Ya ku Japan ili ndi 87 okha, Fortuner 80, V8 ya petulo ya ku Japan 93, amene amatha musanakwanitse makilomita 600. Koma thanki yaikulu imathandiza pokhapokha akakulolani kudzaza. Tsiku limene pa pampu akugawa pang'onopang'ono kuti aliyense apezeko, tinene malita 20, wa Prado ya dizilo wapeza makilomita 200, wa LX570 wapeza 110, osakwana n'komwe kupita ku Blantyre ndi kubwerera. Mzere womwewo, usiku womwewo, udzudzu womwewo.

Ndiye pamabwera chiyeso cha zigubu. Kuno kufupi ndi malire a Muloza mafuta a m'zigubu sasowa m'mbali mwa msewu. Kupatula kuti malonda ake ndi oletsedwa, simudziwa chimene chili m'katimo: madzi, dzimbiri la m'diramu, nthawi zina palafini. Injini ya 2.7 ya petulo imatsokomola n'kupitirira. Dizilo wamakono sakhululuka. Mainjekita ake amapopera mafuta pa mphamvu yaikulu kwambiri kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amafewetsa pampu. Ndili ku esiteti, dalaivala wina anathira chigubu chimodzi pobwerera ku maliro kuti asagone panjira. Nyale yochenjeza za madzi mu filter inayaka, iye anati afike kaye. Galimoto inafika chokokedwa ndi thirakitala, ndipo ndalama imene ndinalemba m'buku mwezi umenewo ikanagula dizilo wa miyezi yambiri. Ngati mwasankha dizilo, sungani filter ina m'galimoto, ndipo nyale imeneyo ikayaka imani pomwepo.

Mwina wina anena kuti dzinja la kuno limafuna V8. Pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tinaona tonse mmene misewu ndi milatho zinathera, ndipo amene amapita ku Thekerani, ku Masambanjati kapena kuseri kwa phiri akufunikadi galimoto yaitali yokhala ndi giya ya low range, yokokera mwamphamvu pang'onopang'ono pamalo ovuta. Koma zambiri mwa zimene tatchulazi zili nayo, kupatula X5, Mercedes zina, Range Rover Sport zina ndi zimene si za 4x4. Pa katondo wonyowa chimene chimalamula ndi tayala, osati kuchuluka kwa masilinda. V8 yovala matayala a pa tara imatsetsereka ngati sopo, ndipo ikatitimira, kulemera kwake komweko kumafuna thirakitala, pamene Fortuner anyamata asanu ndi mmodzi amaikankha.

Njira ya galimoto ziwiri

Ngati mtima wakana kumva ndipo ukufunabe V8, pali njira imene ndinaona anthu ochenjera akuchita. Maulendo a ku Limbe, makilomita 14,000 aja, aziyenda pa kagalimoto kakang'ono ngati Axio kapena Sienta koyenda makilomita 14 pa lita. Amenewo ndi malita 1,000. V8 ya dizilo izituluka pa dzinja, pa maulendo a kumudzi ndi pamene pakufunika ulemu, makilomita 6,000, malita 750. Pamodzi 1,750 m'malo mwa 2,500, ndipo matayala okwera mtengo aja amakhala zaka. Muchotsepo inshuwalansi ndi COF ya galimoto yachiwiri, phindu limatsala ndithu, komanso petulo akasowa muli ndi ya dizilo, dizilo akasowa muli ndi ya petulo. Kungoti galimoto yogona imafuna kuilizako sabata iliyonse, apo ayi batire imafa ndipo makoswe amamanga m'mawaya.

Alamu anamvetsera zonse, kenaka anafunsa kuti ndikanakhala ine ndikanatani. Ndinati Prado ya 2.8, ndipo ndisanapereke ndalama ndikanapempha mwini wake chinthu chimodzi. Tidzaze thanki mpaka pampu idule yokha, tikwere kudzera ku Luchenza, Thyolo ndi Bvumbwe mpaka ku Limbe, titsike kudzera ku Midima, tidzazenso pa pampu yomweyo. Makilomita tigawe ndi malita. Nambala ya pa dashibodi ndimaikaikira, ya pa lisiti ndimaikhulupirira. Ulendo womwewo umakuonetsani ngati injini ikutentha pa chitunda, ngati giya ikugunda, ngati kumbuyo kukutuluka utsi. Mafuta a ulendowo mulipire ndinu, ndipo wogulitsa amene akukana musamunyengerere.

Lachinayi lapitali anandiimbira foni ali pa pampu pa Chitakale, phokoso la njinga zamoto lili m'khutu.

"Alamu, lembani. Makilomita 152, malita 15.6."

Ndinawerengera kuseri kwa envelopu. Makilomita 9.7 pa lita, ali anthu atatu m'galimoto ndi matumba awiri a simenti amene anagula ku Limbe kuti aone mmene ikokere. Ndinawauza kuti apite nayo kwa makaniko akayeze mainjekita ndi kuona mmene DPF ilili asanakambe za mtengo. Mlongo wanga akuti chithunzi cha V8 yakuda chija sanachifufutebe, ndi chimene chimaoneka foni ikangoyaka.